Mavoti a pa intaneti sayeza luso

Akonzi,

Ndiloleni ndiyankhulepo pa mchitidwe woyeza kutchuka kwa osewera powerenga mavoti ndi owatsatira pa intaneti.

Mwai Kumwenda atapata mphoto ya World Games ya 2015, yomwe anthu amavotera pa intaneti, tonse tinaomba m'manja. Komatu luso lake anali ataonetsa kale ku Sydney chaka chomwecho, komwe anasankhidwa kukhala katswiri woposa onse pa mpikisano wa dziko lonse wa ntchemberembaye. Mphoto yomweyi ya 2019 inapita kwa Rani Rampal, ya 2021 kwa Sreejesh, onse osewera hockey a ku India, dziko la anthu oposa biliyoni. Kodi tingapikisane nawo podina mafoni?

Kuno kwa Changata amayi othyola tiyi anamudziwa Mary Waya kudzera pa wailesi, ndipo ndikuphunzitsa, atsikana ankalimbirana dzina lake pabwalo. Ndani anawawerenga amenewa? Lero mdzukulu wanga wasiya kupita kubwalo, ati kutchuka kuli pafoni.

Atolankhani inu, chonde tiziwerenga za zigoli 20 zomwe Temwa Chawinga anamwetsa mu ligi ya ku America mu 2024, osati chiwerengero cha omutsatira pa Facebook.

Mphunzitsi wamkulu wopuma,
Changata, Thyolo.