Khofi Wabwino Kutsidya kwa Christmas Pass

Msewu wochokera ku Harare umatsikira mu Mutare kudzera pa Christmas Pass, mpata wa m'mapiri umene unatchedwa dzinali chifukwa atsamunda anagonapo pa Khirisimasi ya 1890, ndipo ngakhale minda ya khofi ya ku Vumba, Honde Valley ndi Chipinge ili m'chigawo chomwechi, khofi wabwino amafunika kumufufuza, pakuti arabika wambiri, mtundu wonunkhira wokonda malo okwera ndi ozizira, amagulitsidwa kunja. Ulimiwu unalowa pansi minda ikuluikulu itagawidwa kuyambira mu 2000, koma alimi ang'onoang'ono akuudzutsanso, ndipo nzomvetsa chisoni kuti thukuta lawo limadziwika kwambiri kutali, kumene kampani ya Nespresso inayamba kugulitsa khofi wawo mu 2019. Wofuna khofi weniweni akwere ku Vumba, kumene kuli Tony's Coffee Shop, ndipo kulikonse azifunsa kumene khofiyo walimidwa.