Nsikidzi m'chipinda cha lendi: alipire ndani?

Abale a geni ndi madalaivala a mathiraki, lero tikambe nkhani imene ambiri timachita nayo manyazi. Wafika ku Joni, wapeza chipinda ku Yeoville kapena ku Turffontein, walipira lendi ndi dipoziti. Pakutha pa masiku atatu thupi lonse likuyabwa, pa nsalu yofunda pali timadontho ta magazi. Ukauza landilodi, yankho ndi lomwe lija: "Mwabwera nazo nokha m'zikwama zanuzo." Tsiku lotuluka dipoziti yonse wadya, akuti yapita ku mankhwala.

Mkangano woti anabweretsa ndani sutha. Nsikidzi imatha kukhala miyezi ingapo osayamwa magazi, itabisala m'ming'alu ya khoma, m'misoko ya matiresi ndi kuseri kwa masoketi a magetsi, choncho chipinda chimaoneka choyera pomwe zili momwemo. Komanso tisanamizane, ifeyo timayenda ndi mabelo a kaunjika ndi mabulangete, timagona m'malo ogona alendo ku Mwanza, ku Tete ndi ku Beitbridge. Nafenso tingazinyamule osadziwa. Ife tikuti mlanduwu umapambanidwa kapena kuluzidwa tsiku lolowa m'chipindamo.

Ku South Africa, lamulo la Rental Housing Act la 1999 limati landilodi ndi wochita lendi ayendere chipinda limodzi asanalowe, ndi kuyenderanso limodzi potuluka. Tsiku limenelo tisamangowerenga mawindo osweka. Tiyatse tochi ya pafoni, titembenuze matiresi, tione m'mphepete mwa bedi. Timadontho takuda ngati ta inki, tizikopa touma ndi timazira toyera ndi umboni. Tijambule zithunzi, timutumizire landilodi pa WhatsApp tsiku lomwelo kuti deti lioneke. Lamulo lomwelo limati tikapempha mgwirizano wolembedwa atipatse, komanso risiti ya ndalama iliyonse imene talipira. Akakana kuyendera chipinda potuluka, lamulo limatenga ngati wavomereza kuti tachisiya bwino, ndipo dipoziti ibwezedwe yonse.

Kumbali ya landilodi, iye ayenera kupereka chipinda choyenera kukhalamo munthu. Ngati nsikidzi tazipezamo, kapena zili m'zipinda zingapo za nyumba imodzi, ndalama yoitanira akatswiri opopera ichoke m'thumba mwake. Kupopera chipinda chimodzi n'kutaya ndalama, chifukwa zimathawira kwa oyandikana nawo n'kudzabweranso. Kupopera kamodzi sikukwaniranso: mazira amaswa pakatha sabata imodzi kapena masiku khumi, ndiye pamafunika ulendo wachiwiri.

Koma nafe tili ndi mbali yathu. Tinene msanga, mwa kulemba, tikangoona chizindikiro choyamba. Kubisa miyezi iwiri chifukwa cha manyazi kumapatsa landilodi chonena. Nsikidzi sizisankha waukhondo kapena wauve, palibe chochitira manyazi. Opopera akabwera, tiwatsegulire chitseko ndi kusuntha katundu. Zovala ndi zofunda tichape m'madzi otentha a madigiri 60, katundu wogulitsa timange m'mapulasitiki, asakhale pabedi. Tisatole matiresi otayidwa m'misewu. Madalaivala, bedi la m'kabini nalonso liyenderedwe, chifukwa lingathe kufikitsa nsikidzi kwa ana athu ku Blantyre kapena ku Chipata. Ngati zaonekeratu kuti zinabwera ndi belo lathu, tivomere ndi kulipirako.

Landilodi akakana kuchitapo kanthu, tisangosiya kulipira lendi mwaukali, chifukwa tikatero wolakwa amasanduka ife. Chigawo chilichonse cha South Africa chili ndi Rental Housing Tribunal, ndipo kukadandaula kumeneko n'kwaulere. Tipite ndi zithunzi, mauthenga ndi marisiti. Landilodi alibe mphamvu yotsekera munthu kunja kapena kumugwirira katundu popanda chilolezo cha khoti.

Chimene tikupemphetsa kwambiri ndi ichi: tisaike mapiritsi osungira chimanga m'chipinda chogona. Mapiritsi aja amatulutsa mpweya wakupha, umene umadutsa ngakhale m'ming'alu kupita kuchipinda cha mnzathu. Mankhwala a m'timabotolo topanda dzina ogulitsidwa m'misewu nawonso tiwapewe. Mu Okutobala 2024 ana asanu ndi mmodzi anamwalira ku Naledi, ku Soweto, ndi poizoni wa terbufos, mmodzi mwa mankhwala a tizirombo amene amagulitsidwa mozemba. Nsikidzi imasowetsa tulo, koma mankhwala otere amachotsa moyo.

Akuluakulu anati nsikidzi zinachilira kwa alendo. Masiku ano zikuchilira pa mkangano wa landilodi ndi mlendo wake: awiriwo akulozana zala, izo zikuikira mazira. Ulendo wotsatira tikamalandira makiyi, dipoziti isanachoke m'manja, tiyambe tatembenuza matiresi.

Muyende bwino pa msewu.