Njinga Si Bulu Wongosenza Katundu

Anzanga ophunzira, ndi inu aphunzitsi athu olemekezeka, ndiloleni ndinenepo maganizo anga pa nkhani ya njinga. Kuno kwa Lukwa palibe mudzi wopanda njinga yakapalasa. Imasenza mabelo a fodya, matumba a feteleza, nkhuni, mbuzi ya kumsika, ngakhale wodwala wopita kuchipatala. Koma munthu akakwera njinga pakaliyala palibe kanthu, nanena kuti angopita kukaona dziko, anthu amseka nati, "Ameneyu wasowa chochita." Ine ndikuti kuseka kotereku n'kulakwa, ndipo kukutitayitsa chinthu chachikulu.

Pa tchuthi chapitachi malume anga ananditenga ulendo wa ku mtsinje wa Bua. Tinalawira tambala woyamba, tinadutsa pa boma la Kasungu kutangocha, ndipo tinatsata msewu wa M1 kulowera kumwera kufikira pa mlatho. Pamenepo tinapatuka, n'kulondola kanjira ka m'mbali mwa madzi. Ndinaona akakowa atandanda pamchenga, mabango akuwerama ndi mphepo, ndi anyamata akuwedza pansi pa mkuyu. Mtima wanga unakondwa ndithu.

Koma ndinaonanso zina zimene zinandichititsa chisoni. Malo ambiri gombe lili mbee, zitsa zokhazokha, ndipo madimba afika pamadzi penipeni. Malume anaima, naloza tsidya lina, nati, "Mphwanga, ndili msinkhu wako apa panali mdima wa mitengo. Yonse inathera m'mabalani ndi m'zigafa." Ife ana a alimi tidziwa kuti fodya wootcha m'balani amadya nkhuni zambiri, ndipo wa bale afuna milimo ndi mphanda za chigafa. Fodya yemweyo ndiye atilipirira sukulu, sindikana ayi. Koma mtengo wake wina ukulipidwa ndi mtsinje.

M'kalasi tinaphunzira kuti Bua achokera ku Mchinji, nadutsa m'nkhalango yosungirako nyama ya Nkhotakota, nakathira m'nyanja ya Malawi. Tinaphunziranso kuti nsomba ya mpasa imakwera mtsinjewu kuchokera kunyanja kudzaikira mazira pa timiyala ta pansi pa madzi, ndipo matope okokoloka kumtunda akakwirira timiyalato mazira aonongeka. Zonsezi ndinaziloweza ndi kukhoza nazo mayeso, koma sizinandikhudze konse kufikira tsiku limene ndinaona gombe logumuka ndi maso anga. M'basi munthu udutsa pa mlatho kamphindi, osaona kanthu. Pansi ulendowo utalika. Njinga yokha ndiyo ikufikitsa kutali, nikulola kuima pamene wafuna.

Anzathu a maiko ena anazindikira zimenezi kale. Ku Spain kuli mpikisano wa njinga wozungulira dziko lawo, wotchedwa Vuelta a España, umene unayamba mu 1935. Koma chondikopa ine si mpikisanowo. Kuyambira mu 1993 iwo akhala akukonza njira za njanji zimene sitima zinaleka kuyendamo, kuzisandutsa tinjira ta njinga ndi ta oyenda pansi totchedwa Vías Verdes, ndipo tambiri tidzera m'zigwa za mitsinje. Makolo ndi ana apalasa m'menemo popanda katundu, ndipo palibe owaseka. Kodi Bua wathu achepa pati?

Ena adzati msewu wa M1 ngwoopsa chifukwa cha malole. Zoonadi, ndipo n'chifukwa chake tiyenera kuyenda pagulu, mondondozana kumanzere, mabuleki ali abwino, ndi kubwerako dzuwa lisanalowe. Ena adzati kumunda kuli ntchito. Koma m'mwezi wa August chimanga chili m'nkhokwe, ndipo tsiku limodzi silingagwetse banja. Enanso adzati si za atsikana izi. Nanga alongo athu amene apalasa kuchigayo ndi thumba lathunthu, angalephere bwanji kupalasa opanda thumba?

Tsono pempho langa kwa aphunzitsi athu aakulu ndi ili: atilole tiyambitse kabungwe ka njinga pasukulu pano. Alibe njinga abwereke kwa abale, ndipo odziwa kumata chubu aphunzitse anzawo. Teremu iliyonse tipite kumtsinje umodzi, mphunzitsi wa Geography ali patsogolo, aliyense ndi kope lolembamo mitengo, mbalame ndi malo ogumuka amene waona. Nyengo ya mvula ikafika tidzabwerere komweko ndi mbande za mibawa ndi katope pakaliyala, titapempha malo kwa mafumu a kumeneko.

Anzanga, mawa lino minda ya fodya idzakhala m'manja mwathu. Munthu amene sanauonepo mtsinje sadzaumvera chisoni ponola nkhwangwa. Tiyeni tikauone ukadali ndi mithunzi yotsalayo.

Wophunzira wa Folomu 3