Pa Likoma tinachita ngati alendo a pa Likhubula

Ife a ku Mulanje alendo othamanga timawadziwa. Amatsika pa Likhubula, n'kujambula phiri, n'kujambulanso ana athu osapempha. Kenako amanenerera mtengo wa kabokosi kosema mpaka wogulitsa angoti "tengani", basi galimoto yapita. Timawadandaula kwambiri. Koma pa tchuthi chapitachi, titakwera Ilala ku Monkey Bay, nafe tinakachita zomwezo pa Likoma.

Sitimayi, yomwe yakhala ikuyenda pa nyanja yathu kuyambira 1951, imaima pachilumbachi kwa maola angapo potsitsa ndi kukweza katundu: matumba a chimanga, malata, simenti, madengu a usipa. Ife tinatsika mothamanga kupita ku tchalitchi cha St Peter's, chimene anayamba kumanga mu 1903. Tinajambulitsa pakhomo, tinajambulitsanso pansi pa mlambe. Pobwerera tinapeza mayi wina akugulitsa nsomba zokazinga, ndipo tonse asanu tinalimbana nawo kuti atsitse mtengo. Anatsitsa. Tinakwera sitima tikudzitama kuti tachenjera.

Kuchenjera kwake kuti? Ilala imafika pa Likoma kawiri pa mlungu, popita kumpoto ndi pobwerera. Kwa mayi ngati amenewa, maola amenewo ndiwo msika weniweni. Chilumbachi n'chamiyala, chakudya chambiri chimachokera kumtunda, ndiye mafuta amene anakazingira nsombazo anali atalipira kale ulendo wa panyanja. Zimene tinapulumutsa ife sizikanakwana ngakhale bandulo ya tsiku limodzi.

Ena anena kuti wophunzira alibe ndalama, komanso kunenerera ndiwo mwambo wa pamsika. N'zoona. Koma mu sitolo ya m'sitima tinagula zoziziritsa kukhosi pa mtengo wokwera popanda wotsegula pakamwa. Mphamvu zathu zonenerera tinakazionetsa kwa mayi wokhala pa mchenga, yemwe ankadziwa kuti sitima ikangoliza hutala mwayi wapita.

Ambirife posachedwapa tikhala aphunzitsi, ndipo tidzatsogolera ana pa maulendo a sukulu. Tikadzafika nawo pa Likoma, pa Nkhata Bay kapena pa Nkhotakota, ayambe ndi moni, apemphe asanajambule munthu, ndipo mu ndalama za ulendo tidzaikemo ya kugula nkhomaliro kwa eni dera. Ife mayi aja sitinawapatse n'komwe moni. Mawu athu oyamba anali akuti, "Zingati?"