TISANTHULE MALEMBO: Mulungu wa Mphuno Zazitali

Achinyamata ambiri akafika pa Eksodo 32 amatseka Buku ndi mtima wolemera. Aisrayeli apembedza mwana wa ng'ombe wa golidi, Yehova afuna kuwatha onse, ndipo ngakhale Mose wawapembedzera, tsiku lomwelo anthu ngati 3,000 agwa ndi lupanga la ana a Levi. Kodi ameneyu ndiye Atate amene Yesu anatiphunzitsa? Funsoli si la lero. Marcion ankaphunzitsa kuti Mulungu wa Chipangano Chakale ndi wina, wa Yesu ndi winanso, ndipo mpingo wa ku Roma unamchotsa cha m'chaka cha 144 A.D. Inu makolo, mwana akafunsa chotere musamkalipire ai. Mtsegulireni mutu 34.

Pamenepo, pa phiri lomwelo la Sinai, Yehova atchula yekha makhalidwe ake. M'Chihebri liwu la mkwiyo, af, ndi lomwenso la mphuno, pakuti munthu akapsa mtima amapumira m'mphuno mwaukali. Tsono wosakwiya msanga amamutcha wa mphuno zazitali, erekh apayim: moto wake umatenga nthawi usanatuluke. Liwu la wachifundo, rahum, ndi pachibale ndi rehem, mimba ya mayi momwe mwana amakulira. Taonani, amai, kumene Malembo anakatenga fanizo!

Werenganinso chiwerengero cha pa ndime 7. Chilango chifika mbadwo wachitatu ndi wachinai, koma chifundo chisungidwira zikwi. Miyeso iwiriyi siilingana konse. Komabe chilango sichinafafanizidwe, ndipo anthu 3,000 aja sitingawabise kwa ana athu. Ine ndiyesa kuti Mulungu wosakwiyira kanthu kalikonse sakadasamala kulira kwa akapolo m'Aigupto. Aneneri monga Amosi akalankhula za mkwiyo wake, kawirikawiri pamakhala waumphawi woponderezedwa pafupi.

Chodabwitsa nchakuti Ahebri anavutikanso ndi chifundocho. Nineve, mzinda wa Asuri ankhanza, wokhala ndi anthu oposa 120,000, utalapa ndi kupulumuka, Yona anapsa mtima kufikira kupempha imfa. Pa Yona 4:2 atenga makhalidwe omwe aja a pa Sinai nawasandutsa mlandu woimba Mulungu: anathawira ku Tarisi podziwa kuti adani adzakhululukidwa. Ambirife tifanana naye. Tifuna mphuno zazitali pa zochimwa zathu, ndi zazifupi pa za mnansi.

Pambuyo pake Nahumu anatenga mau omwewo, koma iye anatsindika mbali yakuti wopalamula sadzangomasulidwa. Nineve anagwadi m'manja mwa Ababulo ndi Amedi m'chaka cha 612 B.C. Osonkhanitsa Malembo sanataye buku limodzi kuti linalo limveke bwino. Anasunga onse awiri, ndipo pakati pa Yona ndi Nahumu pali buku la Mika lokha.