Kakyuleta yobwereka imadyetsa malikisi

Mwana akapatsidwa funso loti cosec θ = 2, apeze ngodya θ, amayamba wasakasaka batani la cosec pa kakyuleta. Salipeza, chifukwa palibe. Wina amadina SHIFT sin 2, kakyuleta n'kulemba Math ERROR, iye n'kulidumpha funsolo.

Komatu njira yake ndi yaifupi. Cosec ndi 1 ÷ sin, choncho tembenuzani kaye nambalayo: sin θ = 1 ÷ 2 = 0.5. Mukatero dinani SHIFT sin 0.5, mupeza madigiri 30. Sec mumatembenuza chimodzimodzi kuti mupeze cos, cot kuti mupeze tan. Chenjerani: sin⁻¹ imapereka ngodya, si 1 ÷ sin ayi. Ikatuluka 0.5236, ndiye kuti kakyuletayo ili pa RAD. Ibwezeni pa DEG.

Zonsezi zimafuna zala zozolowera. Ife tikuti mwana aliyense akhale ndi kakyuleta yakeyake temu ikamayamba. Yobwereka m'mawa wa mayeso sadziwa kuti mwini wake anaisiya pa RAD. Makolo, guliranitu ana anu. A komiti ya mzikiti, ganizirani ana amene makolo awo sangakwanitse.