Palibe lamulo loletsa woimba kunena za ndale pa nsanja

Mphekesera imene ikuyenda m'midzi yozungulira dambo la Elephant Marsh, kuyambira ku Nchalo ndi ku Ngabu mpaka ku Bangula ndi kutsidya ku Makhanga, ikunena zinthu ziwiri. Akuti lamulo limaletsa woimba kutchula za ndale ali pa nsanja, ndipo akatero apolisi amamanga iyeyo, wokonza phwando, ngakhalenso anthu amene anangobwera kudzavina. Akutinso mudzi umene walola nyimbo zotere umafufutidwa pa mndandanda wa olandira thandizo madzi akasefukira. Zonsezi ndi bodza. N'zokhumudwitsa kuti papita zaka zoposa 30 chivotereni Amalawi pa riferendamu ya pa 14 Juni 1993, koma nyuzipepala ino ikukakamizikabe kufotokoza nkhani yoti mwana wa sukulu amaiphunzira ali ku pulaimale.

Bodzali likuwononga kale. Eni mabala ndi maholo akumachenjeza mabandi asanamange n'komwe zimkuzamawu. Oimba ulimba akumadumpha ndime zimene akhala akuimba zaka zambiri. Anthu akuluakulu ndi nzeru zawo akumatumizirana uthengawu pa WhatsApp osafunsa kuti wayamba nawo ndani.

Malamulo aakulu oyendetsera dziko lino, amene anayamba kugwira ntchito mu 1994, sabisa mawu pa nkhaniyi. Gawo 34 limapatsa munthu aliyense ufulu wokhala ndi maganizo ake ndi kuwauza ena. Gawo 35 limateteza ufulu woyankhula zakukhosi. Gawo 38 limalola anthu kusonkhana mwamtendere, ndipo gawo 40 limalola nzika kutenga mbali pa ndale ndi kukopa ena kuti atsatire chipani kapena mfundo imene ikuikhulupirira. M'magawo onsewa mulibe pamene pakuti woimba amasiya ufulu wake pansi akamakwera pa nsanja. Gawo 44 limalola kuti ufulu uchepetsedwe, koma pokhapokha pali lamulo lolembedwa, lomveka, loyenera dziko la demokalase. Wofalitsa mphekeserayi akafunsidwa kuti lamulo lakelo ndi liti, lili pa gawo lanji, sayankha. Amangoti anamva.

Malamulo amene kale ankatsekera anthu pakamwa akhala akugwa limodzilimodzi. Mu Novembala 2022 Nyumba ya Malamulo inachotsa mlandu woukira boma ndi mawu m'buku la milandu. Mu Julayi 2025 khoti lalikulu linagamula kuti kumanga munthu pa mlandu woipitsa mbiri ya mnzake kukutsutsana ndi malamulo aakulu a dziko, ngakhale kuti wonamiziridwa angathebe kukasuma kuti alipidwe. Lamulo la 1968 loona za mabuku, mafilimu ndi zisangalalo, limene boma la chipani chimodzi linkaletsera nyimbo ndi masewero, nalonso liyenera kugonjera gawo 5, lonena kuti lamulo lililonse lotsutsana ndi malamulo aakulu ndi lopanda mphamvu.

Mantha a anthu ali ndi gwero lake, ndipo kulikana kungakhale kunama. Evison Matafale, mtsogoleri wa bandi ya Black Missionaries wa ku Chileka, anamwalira ali m'manja mwa apolisi ku Lilongwe mu Novembala 2001, atamangidwa chifukwa cha kalata yodzudzula boma la Bakili Muluzi. Nyimbo za Lucius Banda zinasiya kumveka pa wailesi ya MBC nthawi ya Bingu wa Mutharika. Ndipo lamulo la 2016 loona za mauthenga a pa intaneti lagwiritsidwapo ntchito kumanga anthu chifukwa cha zimene analemba pa foni. Koma zimenezi zikusonyeza kuti olamula amatha kupondereza ufulu umene ulipo. Sizikusonyeza kuti ufuluwo kulibe. Imfa ya Matafale inadzudzulidwa ndi dziko lonse, boma linakhazikitsa kafukufuku, ndipo mpaka lero anthu amasonkhana ku Chileka chaka ndi chaka kumukumbukira ndi nyimbo zomwezo. Lucius Banda anaimba zodzudzula maboma otsatizanatsatizana pa nsanja za m'dziko muno, analowa Nyumba ya Malamulo mu 2004 ngati phungu wa ku Balaka, ndipo pamene ankamwalira mu Juni 2024 anali mlangizi wa mtsogoleri wa dziko pa nkhani za achinyamata ndi luso. Anthu zikwizikwi amene ankavina pa mashoo ake sanagone m'chitokosi chifukwa chovina.

Pamene mphekeserayi yafookeratu ndi apa: imaletsa kudandaula kokha, kutamanda ayi. M'dziko muno ndale ndi nyimbo sizinasiyanepo. Nthawi ya Kamuzu Banda amayi a mbumba ankatengedwa m'malole kuchokera m'maboma onse, kuphatikizapo Chikwawa ndi Nsanje, kukaimba ndi kuvina pamaso pa Ngwazi. Pa chisankho cha 2009 nyimbo ya Joseph Nkasa ya Mose wa Lero inkamveka pa msika uliwonse potamanda Bingu. M'chigwa muno misonkhano ya Gwanda Chakuamba ndi ya Sidik Mia inkayamba ndi ng'oma ndi magule, monga imayambira misonkhano ya andale onse mpaka lero. Palibe amene anatumizapo uthenga wochenjeza kuti mudzi wovina utse kapena likhuba pamaso pa nduna uchotsedwa pa mndandanda wa chimanga. Chenjezo limabwera pokhapokha nyimbo ikafunsa kumene kunapita chimangacho. Lamulo loti limagwira wodandaula n'kusiya wotamanda silipezeka m'buku lililonse la malamulo a Malawi. Amene akulifalitsa, kaya akudziwa kaya sakudziwa, akugwirira ntchito anthu amene safuna kufunsidwa.

Tsono zimene akuzitcha ndale m'nyimbo za kuchigwa ndi ziti? Kawirikawiri si mayina a zipani. Ndi madzi. Chigwachi chinamira mu Januwale 2015, chinamiranso ndi namondwe wa Idai mu Malichi 2019, wa Ana ndi wa Gombe mu 2022, ndi wa Freddy mu Malichi 2023. Nthawi zonsezi anthu a ku Makhanga ndi a kufupi ndi pamene Ruo amathira mu Shire anathawira m'misasa, ena m'makalasi a sukulu. Ndi njira: madzi atadula njanji ndi msewu pa Mtayamoyo, pakati pa Bangula ndi Chiromo, mu 1997, anthu anakhala zaka zambirimbiri akuwoloka pa bwato ndi odwala, njinga ndi matumba a mbatata. Ndi doko la Nsanje, limene linatsegulidwa ndi mwambo waukulu mu Okutobala 2010 pamaso pa Robert Mugabe ndi Rupiah Banda, koma silinagwire ntchito imene linamangidwira. Ndi mtengo wa thonje, malo olima m'mbali mwa minda ya nzimbe, mvuu zodya chimanga cha m'dimba, ndi funso losatha loti anthu asamukire kumtunda kapena akhale pa nthaka yachonde ya makolo awo.

Chaka cha njala amayi a m'midzi ya m'mbali mwa damboli amalawirira m'mabwato kukazula nyika. Amalowa m'madzi ofika m'chifuwa, kufufuza m'matope ndi mapazi ndi manja, m'malo momwemo mmene mumakhala ng'ona, kuti ana apeze chotafuna madzulo. Mayi wotere akaima pa bwalo usiku, ulimba ukulira, n'kuponya ndime yofunsa chifukwa chake dzina lake silinatuluke pa thandizo, anzake n'kuvomera onse pamodzi, sakuchita kampeni ya munthu. Akunena zimene zamuchitikira, pamalo okhawo pamene mfumu, khansala ndi mlangizi angamumve onse nthawi imodzi. Kumuuza kuti atseke pakamwa chifukwa nyimbo si malo a ndale ndi nkhanza.

Mwambo umenewu ndi wakale kuposa zipani zonse za m'dziko muno. Amang'anja ndi Asena, monganso mitundu ina, akhala akudzudzula apongozi, amuna aulesi ndi mafumu omwe kudzera m'nyimbo za pamtondo ndi za pagule, ndipo wodzudzulidwayo sankayenera kukwiyira woimba. Kumunsi kwa Zambezi ku Mozambique, Asena ogwira ntchito m'minda ya nzimbe ya Sena Sugar Estates anali ndi nyimbo yotchedwa Paiva, yodandaula za nkhanza za akapitawo a kampaniyo, ndipo ankaiimba ngakhale eni mindawo akumva. Akatswiri a mbiri Leroy Vail ndi Landeg White anailemba ndi kuifotokoza m'mabuku awo. Ngati atsamunda a Chipwitikizi, ndi chibalo chawo chonse, analephera kuzimitsa nyimbo imeneyo, n'zomvetsa chisoni kuti zidzukulu za anthu omwewo zikudzitseka pakamwa zokha chifukwa cha uthenga wa pa foni wopanda mwini.

Mbali yachiwiri ya mphekeserayi, yokhudza thandizo, ndiyo yoopsa kwambiri. Thandizo la pa ngozi limayendetsedwa ndi nthambi ya boma ya DoDMA pamodzi ndi makhonsolo a Chikwawa ndi Nsanje, makomiti a m'madera ndi a m'midzi oona za ngozi zogwa mwadzidzidzi, ndi mabungwe monga Red Cross ndi World Food Programme. Mayina amalembedwa potengera amene nyumba yagwa, amene mbewu zakokoloka, okalamba, olumala ndi ana amasiye. Pa ndondomeko yonseyi palibe funso lofuna kudziwa nyimbo imene inaimbidwa pa bwalo la mudziwo. Kukondera kumachitika, inde. Alipo atsogoleri ena amene amalemba abale awo n'kusiya amayi amasiye. Koma kumeneko ndi kuba, ndipo mankhwala ake ndi kukuulula poyera. Mphekeserayi ikuchita zosiyana ndi zimenezo. Ikuphunzitsa anthu kuti thumba la chimanga ndi mphatso ya munthu wamkulu, imene angaibweze akapsa mtima. Mudzi umene wakhulupirira zimenezi sufunsanso kanthu mayina akasowa, ndipo wakubayo amagona tulo tabwino.

Palinso china chodetsa nkhawa. Foni yomweyo imene ikubweretsa bodzali ndi imene imabweretsa chenjezo loti mvula yagwa yambiri ku Mulanje ndi ku Thyolo, Ruo akubwera. Anthu amene azolowera kumeza uthenga uliwonse osaufufuza amafika potopa nawo onse, woona ndi wonama womwe. M'dera limene kuchedwa kwa usiku umodzi kumatanthauza kugona pa denga kapena mumtengo, chizolowezi chimenechi chingathe kuphetsa anthu.

Zifukwa zina zimene anthu amapereka poletsa oimba kunena za ndale n'zosachedwa kuyankha. Ena akuti munthu amalipira pakhomo kuti avine, osati kuti amve ulaliki wa ndale. Zoona, ndipo ali ndi ufulu wotuluka, wokuwiza, kapena wosadzabweranso. Umenewo ndi mlandu wa woimba ndi omutsatira, apolisi sukuwakhudza. Mwini ukwati kapena mpingo umene waitana bandi angathenso kugwirizana nayo pasadakhale za nyimbo zoyenera tsikulo, pakuti phwando ndi lake. Ena akuti oimba sanaphunzire mokwanira kuti anene za boma, koma ufulu woyankhula sufuna satifiketi, monganso voti siifuna. Ena akuti nyimbo za ndale zimayambitsa ziwawa. Kumema anthu kuti amenye anzawo, awotche nyumba kapena adane ndi mtundu wina ndi mlandu kwa wina aliyense, woimba, m'busa kapena phungu, ndipo wochita zotere amangidwe ndithu. Kufunsa za mlatho si kumema ziwawa. Gulu la anyamata likabwera kudzagenda bandi chifukwa cha ndime imene silinaikonde, olakwa ndi ogendawo, ndipo ntchito ya apolisi ndi kuteteza woimbayo.

Vuto lenileni pa nkhani ya oimba ndi ndale lili pena, ndipo mphekeserayi siilitchula n'komwe. Ndi ndalama. Luso la zoimba m'dziko muno sililipira bwino, ndipo nyengo ya kampeni ndi imene oimba ambiri amapezako kangachepe. Woimba wolandira envulopu kwa wandale n'kukwera pa nsanja ngati kuti mawuwo akuchokera mumtima mwake akunamiza anthu amene amamukhulupirira. Lamulo silimuletsa kuimbira chipani, koma ulemu ukufuna kuti anene poyera kuti watumidwa. Bungwe la oimba la Musicians Union of Malawi ndi limene liyenera kutsogolera pokambirana zimenezi, komanso kuyankhulapo msanga membala wake akaopsezedwa, ngakhale akhale woimba wa kumudzi wopanda chimbale ndi chimodzi chomwe.

Mafumu a m'chigwa, kuyambira kwa Lundu mpaka kwa anyakwawa, ndi mabwanamkubwa a maboma awiriwa angathe kuthetsa bodzali ndi chilengezo chimodzi chomveka, pa misonkhano ya m'midzi ndi pa mawailesi a m'dera monga Nyanthepa ku Nsanje. Kukhala chete kwawo anthu akukutenga ngati umboni woti nkhaniyi ndi yoona. Aliyense wouzidwa kuti mudzi wake uchotsedwa pa thandizo chifukwa cha nyimbo afunse dzina ndi udindo wa amene wanenayo, n'kukadandaula ku ofesi ya bwanamkubwa, kwa Ombudsman, ku Malawi Human Rights Commission, kapena ku Anti-Corruption Bureau ngati pali kusinthanitsa mayina ndi ndalama. Woimba woitanidwa ku polisi chifukwa cha ndime ya nyimbo ali ndi ufulu, malinga ndi gawo 42, wouzidwa mlandu wake m'chiyankhulo chimene amamva, wopeza loya, ndi woonekera ku khoti pasanathe maola 48, ndipo amene alibe ndalama za loya angathe kupempha thandizo ku Legal Aid Bureau.